Ulendo wa kuntchito, ngongole ili pakhosi

Funso: Ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Kawirikawiri amandituma ku Limbe, komwe kumachitikira okishoni ya tiyi. Ndalama ya minibasi ndi nkhomaliro ndimayamba ndatulutsa m'thumba mwanga, kampani imadzabweza kumapeto kwa mwezi. Chonsecho a SACCO amadula kale ngongole kumalipiro anga. Nditani kuti ndisapite kwa akatapila?
Wowerenga, Thyolo

Yankho: Achimwene, apatu ndinu amene mukukongoza kampani, popanda n'chiwongoladzanja chomwe. Yambani mwapita ku ofesi ya malipiro ndi kalata yopempha kuti azikupatsiranitu ndalama ya ulendo, inu muzibweretsa malisiti pobwera. Kondakitala wa minibasi nthawi zambiri sapereka lisiti, choncho gwirizanani ndi abwana mtengo wodziwika wa ulendowo, ulembedwe.

Akakana, pangani kathumba kapadera. Werengerani ulendo umodzi, kupita ndi kubwera, chakudya, ndi kapamwamba pang'ono, poti mafuta akasowa mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo. Ikani ndalamayo pa Mpamba kapena Airtel Money, osaisakaniza ndi ya ndiwo. Kampani ikabweza, ndalamayo ibwerere momwemo. Si bonasi ayi.

Za ngongole musadumphe mwezi. Ngati zotsala sizikukwana, kambiranani ndi a SACCO akutalikitsireni nthawi yobwezera. Chiwongoladzanja chidzakwererapo ndithu, koma sichingafike pa cha akatapila, amene ena mwa iwo amakulandani ndi khadi la kubanki lomwe.