MWANA WA MITUNDU IWIRI: KWAO NDI KUTI?

M'phunziro lino ndikufuna kuti tiganizire za mwana amene bambo ake ndi a ku England, mayi ake a ku Wales. Kodi mwanayu ndi wa kuti? Poyankha tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza: unzika ndi mtundu.

Unzika ndi nkhani ya malamulo. England ndi Wales zinalumikizidwa ndi malamulo a m'zaka za 1535 ndi 1542, pa nthawi ya Mfumu Henry VIII. Lero kulibe pasipoti ya England kapena ya Wales. Malinga ndi lamulo la mu 1981, limene linayamba kugwira ntchito mu 1983, mwana wobadwira ku United Kingdom amakhala nzika ya Britain ngati mmodzi mwa makolo ake ndi nzika. Tsono pamaso pa boma mwana wathu uja alibe vuto. Ngakhale posankha aphungu a Senedd, nyumba ya malamulo ya Wales imene inatsegulidwa ku Cardiff mu 1999, safunsa za magazi. Amangoona kumene munthu akukhala.

Koma mtundu sulembedwa m'pasipoti. Umakhala m'chiyankhulo, m'miyambo ndi mumtima. Anthu a ku Wales ali ndi chiyankhulo chawochawo, ndipo kalembera wa mu 2021 anapeza kuti anthu oposa 538,000 amatha kuchiyankhula. Amakondwerera David Woyera pa 1 March, pamene Angelezi amakumbukira George Woyera pa 23 April. Pa mpira maiko awiriwa ali ndi matimu osiyana. Apa mpamene mwana uja amavutika: kuchimuna amamutcha wa ku Wales, kuchikazi amuti Mngelezi, makamaka ngati sadziwa chiyankhulo cha mayi ake.

Ine ndikuona kuti kumukakamiza kusankha mbali imodzi nkumulakwira. Mfumu Henry VII anabadwira ku Pembroke mu 1457. Kuchimuna anali wa banja la Tudor la ku Wales, mayi ake Margaret Beaufort anali Mngelezi, koma mu 1485 anakhala mfumu ya England. Kalembera wa mu 2011 nayenso analola munthu kuchonga mitundu ingapo nthawi imodzi.

Malembo Oyera akutipatsa chitsanzo china. Buku la Ntchito za Apostoli, mutu 16, likuti mayi a Timoteo anali Myuda, bambo ake Mgriki. Paulo Woyera sanamukane, koma anamutenga kuti akalalike naye pakati pa mitundu yonse iwiri.

Makolo, phunzitsani ana otere ziyankhulo ndi miyambo ya mbali zonse. Ndipo ife amene tikukonzekera unsembe tidzabatiza ana ambiri a mitundu iwiri. Tisadzawafunse kuti asankhe pakati pa bambo ndi mayi awo.