Mafunso ndi Mayankho: Utsi Wobadwira mu Mlengalenga

Kalata yoyamba sabata ino yachokera kwa womvera wailesi wa ku Kasungu, yemwe akufunsa chifukwa chimene mapiri amabisikira m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kumwamba kulibe mtambo, ndipo yankho lake ndi lalifupi: umenewo ndi utsi wa moto wa m'tchire wosakanikirana ndi fumbi, ndipo umatha mvula yoyamba ikagwa. Wina wa ku Zomba wafunsa ngati kutseka mphuno ndi chitenje kumathandiza, koma nsalu imatchinga fumbi lalikulu lokha, pamene tinthu tating'onoting'ono timadutsa mosavuta.

Kalata yoyenera kuimapo ndi ya bambo wina amene akugwira ntchito ku eMalahleni, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, kumene kuli malo ambiri opangira magetsi ndi malasha. Iye akudabwa kuti amabanika m'chifuwa ngakhale tsiku limene kunja kwayera ndipo utsi sukuoneka paliponse. Choyamba, bamboyo apite kuchipatala akamupime, pakuti wailesi sipima munthu. Chachiwiri, adziwe kuti gawo lalikulu la tinthu towononga mpweya silituluka m'chumuni lili lopangidwa kale, koma limabadwira mumlengalenga momwemo kuchokera ku mipweya yosaoneka ndi maso.

Malasha akamayaka amatulutsa mpweya wa sulphur dioxide, umene dzuwa likawala umasanduka nthunzi ya asidi wa salufa. Mamolekyu a asidiyu, kutanthauza tizigawo tochepetsetsa ta chinthucho, amagundana n'kumatirirana, koma kagulu kawo kamabalalikanso msanga pokhapokha patapezeka china chokagwirizitsa, monga amoniya wochokera ku feteleza ndi ndowe za ziweto. Kagulu kokhazikika kamakhala ka nanomita imodzi kapena ziwiri, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Zimenezi zinayesedwa ku CERN, malo ochitira kafukufuku wa sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva, m'chithanki chachitsulo cha kafukufuku wotchedwa CLOUD, ndipo zotsatira za mu 2011 zinasonyeza kuti amoniya wochepa zedi amachulukitsa kubadwa kwa tinthuti ka 100 kapena kuposerapo.

Chimene chinazunguza akatswiri kwa nthawi yaitali n'chakuti mu mpweya wauve tinthu tatsopano sitinayenera kupulumuka, chifukwa mwaye ndi fumbi zomwe zilimo kale zimakoka nthunzi ija ndiponso zimameza timagulu tisanakule, monga nsomba zazikulu zimachitira ndi tiana ta nsomba. Komabe ku Shanghai, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti tinthuti timabadwa mochuluka, chifukwa asidi wa salufa amagwirana ndi dimethylamine, mankhwala a mtundu wa amoniya koma ogwira mwamphamvu kuposa amoniyayo. Mu 2020 a CLOUD anaonetsanso kuti kukazizira kutsika pa madigiri 5, asidi wa nayitiriki, yemwe amachokera ku utsi wa magalimoto ndi mafakitale, amaundana pamodzi ndi amoniya pa tinthuti n'kutikuza mofulumira kwambiri moti sitimezedwanso. Tikafika pa nanomita 50 mpaka 100 timakhala poyambira madontho a mitambo, mogwirizana ndi zimene John Aitken wa ku Scotland anasonyeza mu 1880, kuti nkhungu sipangika mu mpweya wopanda fumbi. Tinthu tomweto tikapumidwa timalowa mkatikati mwa mapapo, kumene chifuwa sichingatitulutse.

Omvera a ku Zambia safunika kuwafotokozera zambiri, pakuti anthu a ku Kankoyo ku Mufulira akhala zaka zambiri akupuma sulphur dioxide wochokera kosungunulira kopa, amene iwo amamutchula kuti senta. Ku London nako, mu Disembala 1952, utsi wa malasha unaphimba mzinda kwa masiku asanu n'kupha anthu osachepera 4,000, ndipo lamulo loteteza mpweya linabwera mu 1956, maliro atachitika kale. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2021 kuti tinthu tosapitirira mamayikromita 2.5 tisamapose mamayikrogalamu 5 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya powerengera chaka chonse.

N'zomvetsa chisoni kuti omvera omwe amadandaula za mafakitale akutali ndi omwenso amakoleza mbaula ndi jumbo, amaotcha matayala ndi mapulasitiki kuseri kwa nyumba, ndiponso amatentha tchire lonse chifukwa cha mbewa zochepa. Chenjezo limene limaperekedwa pa pulogalamu ino sabata ndi sabata silinasinthe: mbaula ikolezedwe panja, isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, popeza mpweya wa carbon monoxide umapha mwakachetechete, ndipo mwana asakhale kumsana pamene mayi akuuzira moto. Mapesi ndi ofunika kukwiriridwa m'munda kuti asanduke manyowa, osati kuwayatsa.

Womvera wa ku Nsanje wafunsa ngati kumwa mkaka kumatsuka utsi m'mapapo, ndipo yankho n'lakuti ayi, chifukwa mkaka umapita m'mimba. Makalata otsala okhudza mphumu adzayankhidwa sabata yamawa.