Nyali zopha tizilombo mu mpweya: zoyenera kudziwa musanatulutse ndalama

Mwezi wa Okutobala ukafika, kutentha kwa pa Ulongwe, pamsewu wa M3 wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, kumachititsa eni malo ogona alendo, masaluni ndi malo oonetsera mpira kuganiza zogula makina oziziritsa m'chipinda. Ena mwa makinawa masiku ano amagulitsidwa ndi mawu akuti ali ndi nyali ya UV yoyeretsa mpweya, ndipo mtengo wake umakwera chifukwa cha mawu amenewo. Wamalonda ayenera kudziwa chimene nyaliyo imachita ndi chimene siingachite, chifukwa apa pali mpamba wake komanso thanzi la antchito ndi makasitomala.

Kuwala kwa UV kulipo kwa mitundu itatu, A, B ndi C, ndipo maso a munthu sakuona. Kanyali kofiirira koyezera ndalama zachinyengo, kamene ogulitsa ambiri amakadziwa, ndi ka mtundu wa A ndipo sikangayeretse mpweya. Yopha tizilombo ndi ya mtundu wa C, imene pabokosi pake pamalembedwa UV-C kapena 254 nm. Kuwala kumeneku kumaononga chibadwa cha tizilombo kotero kuti timalephera kuswana. Mtundu wabuluu umene munthu amauona nyali ikayaka si umboni wakuti ikugwira ntchito, chifukwa babu wamba wopaka buluu amaonekanso chimodzimodzi.

Njirayi ndi yakale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, katswiri wa ku America William F. Wells anaika nyali zotere m'makalasi a sukulu za m'dera la Philadelphia pofuna kuchepetsa chikuku. Ku eMalahleni m'dziko la South Africa, ofufuza anatenga mpweya wa m'chipinda cha odwala chifuwa chachikulu cha TB n'kumaupititsa kwa mbira. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2015 zinaonetsa kuti nyali zikamayaka pamodzi ndi mafani a kudenga, kufala kwa matendawa kunkatsika ndi pafupifupi 80 peresenti. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa nyalizi m'zipatala ndi malo ena odzaza anthu kumene TB imafala kwambiri.

Koma nyali za m'kafukufukuyu n'zosiyana ndi kanyali ka m'makina oziziritsa. Izo zimamangidwa pakhoma, mamita oposa awiri kuchokera pansi, zili ndi zotchinga zimene zimaloza kuwala kumtunda kwa mitu ya anthu, ndipo fani imakweza mpweya wa pansi kuti udutse m'kuwalako. Zimafuna chipinda cha denga lalitali, pafupifupi mamita awiri ndi theka kapena kuposa, komanso katswiri wokhala ndi chipangizo choyezera mphamvu ya kuwala. Mashopu ambiri a malata otsika sakwanitsa muyezo umenewu.

M'makina oziziritsa, mpweya umadutsa pa nyali mothamanga kwambiri, ndiye tizilombo tambiri timapulumuka. Ntchito imene kanyaliko kamagwira bwino ndi kuletsa chuku kumera pa mapaipi ozizira amene amakhala onyowa nthawi zonse. Zimenezi zimachepetsa fungo la chinyontho ndipo makina sakoka magetsi ambiri chifukwa chotsekeka. Fumbi la mumsewu, utsi wa makala ndi fungo la mankhwala a tsitsi, nyali siichotsa. Chinanso n'chakuti makina ang'onoang'ono omangidwa pakhoma salowetsa mpweya wakunja, amangozunguza womwewo. Mwini malo akatseka mawindo kuti kuzizira kusathawe, anthu 40 oonera mpira amapumirana mpweya umodzi kwa maola awiri, ndipo ngati mmodzi ali ndi TB onsewo ali pachiopsezo.

Pa nkhani ya ndalama, mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Babu wa UV-C amatha mphamvu akayaka maola pafupifupi 9,000, kutanthauza chaka chimodzi ngati sazimitsidwa, ngakhale amapitiriza kuwala buluu. Wogula afunse ngati babu wina amapezeka ku Zomba kapena ku Blantyre komanso pa mtengo wanji. Nyali ya mawati 30 yoyaka maola 12 patsiku imadya mayunitsi pafupifupi 11 pamwezi. Fumbi likaunjikana pa babu mphamvu imatsika, choncho amafunika kupukutidwa atazimitsidwa. Magetsi a ESCOM akathima, chitetezo chonse chimathera pomwepo.

Ngozi yake iliponso. Nyali ya UV-C yopanda chotchinga imapsereza maso ndi khungu. Ululu wake ndi wofanana ndi umene amamva munthu amene wayang'ana moto wa owotcherera zitsulo: maso amafiira n'kumamveka ngati mwalowa mchenga, ndipo zimayamba patapita maola angapo. Wokonza makina azimitse magetsi asanatsegule. Mababu ambiri otere ali ndi mekyule, mankhwala apoizoni, choncho babu akasweka anthu atuluke, mawindo atsegulidwe, ndipo zidutswa zisatoledwe ndi manja. Kwa ometa, kabokosi ka UV kosungira zipangizo sikalowa m'malo mwa kutsuka, chifukwa kuwala sikufika pansi pa tsitsi ndi mafuta omatirira pa mashini.

Njira yotsika mtengo ndiyo imaposa zonse pa malo ang'onoang'ono. Kafukufuku wa m'zipatala za mu mzinda wa Lima ku Peru, amene anatuluka mu 2007, anapeza kuti kutsegula mawindo ndi zitseko kunkasintha mpweya wa m'chipinda pafupifupi ka 28 pa ola, kuposa kawiri mlingo wa ka 12 umene makina odula a m'zipatala amapangidwira. Mwini malo oonetsera mpira akhoza kuboola mawindo awiri oyang'anizana, kusiya mpata pakati pa khoma ndi malata kuti mpweya wotentha uzituluka, ndi kuika fani yotulutsa mpweya kunja. Makatani otchinga kuwala apachikidwe motalikirana pang'ono ndi windo kuti mphepo izidutsa. Amene ali kale ndi makina oziziritsa azitsuka sefa yake milungu iwiri iliyonse nyengo ya fumbi ndi kutsegula chipinda alendo akatuluka.

Safunsa anadya phula. Wogulitsa akanena za UV, wamalonda amufunse mtundu wa kuwala, maola a babu, kumene wina angapezeke, ndi amene adzaike makinawo. Ndipo wantchito amene wakhala akutsokomola kwa milungu iwiri apatsidwe mpata wokayezetsa. Kuyeza ndi mankhwala a TB ndi zaulere m'zipatala za boma, kuphatikizapo chipatala chachikulu cha Balaka ndi cha Machinga chimene chili ku Liwonde.