Helemeti ya Wakabaza: Gulani Imene Mungaivale Tsiku Lonse

Ndimakwera kabaza pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndisanakhale pampando maso anga amayamba athamangira kumutu kwa woyendetsa. Pa siteji ya kwathu, mukadutsa dzuwa lili paliwombo, mupeza helemeti zina zitakolekedwa pa handulo, zina zitavalidwa pachigongono, zina zili pamutu ndithu koma lamba akulendewera pachifuwa. Mnyamata wina amene amandinyamula kawirikawiri ndinamufunsa chifukwa chimene amavulira yake akangodutsa pamene pamaima apolisi a pamsewu. Anati imamufinya pachipumi, moti pofika 10 koloko mutu umakhala ukuwawa ngati wadwala malungo. Sankanama. Anandionetsa mzere wofiira pamwamba pa nsidze zake.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti onse osavala helemeti ndi amwano. Ambiri anagula yolakwika. Anaigula mofulumira, mwina tsiku lomwe anatenga njinga kwa abwana, cholinga chili chopewa chindapusa. Helemeti yopweteka siikhalitsa pamutu, ndipo ngozi ikabwera imaipeza ili pa handulo. Choncho, achimwene, inu amene mumadyetsa banja ndi njinga yamoto, ndi inu alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amene mumayendera midzi pa njinga za kuntchito, muzisankha chipewa chimenechi monga mlimi asankhira khasu. Salipira asanagwire mpini.

Yambani ndi kudziwa mutu wanu. Pitani kwa telala aliyense wa pakhonde mubwereke tepi yake. Izungulizeni kuyambira pachipumi, pang'ono pamwamba pa nsidze, idutse pamwamba pa makutu, ikafike kunkhongo pamene pali potukuka. Makampani ambiri amawerenga chonchi: masentimita 55 mpaka 56 ndi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, 61 mpaka 62 ndi XL. Nambalayo ndi poyambira chabe, chifukwa mitu siifanana kaumbidwe. Wina mutu wake ndi wobulungira, wina ndi wotalikira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo awiriwa angakhale ndi muyeso umodzi koma helemeti imodzi yosawakwana onse. Musatume munthu kukakugulirani. Pitani nokha ndi mutu wanuwo.

Mukafika m'sitolo ivaleni, mumange lamba, kenako mugwedeze mutu uku ndi uku ngati mukukana ngongole. Helemeti yokukwanani imayenda limodzi ndi khungu lanu, masaya nkumakankhika pang'ono. Ikamazungulira payokha nkhope ili chiimire, yakula. Yesani kulowetsa zala pakati pa chipumi ndi siponji ya mkati. Zikalowa mosavuta, yakulanso. Kenako weramitsani mutu, mnzanu agwire m'mphepete mwa helemetiyo kumbuyo ndi kuikokera kutsogolo mwamphamvu. Ikavuka lamba ali womanga, ibwezeni pa shelefu, chifukwa mukadzagwa idzavukanso chimodzimodzi, inu kwina iyo kwina.

Musafulumire kuivula. Khalani nayo pamutu mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, wogulitsa anyinyirike ngati akufuna. Helemeti yatsopano imayenera kugwira molimba ndithu, chifukwa siponji imaphwa pakapita masabata angapo. Chimene mukufufuza m'mphindi zimenezo ndi kusiyana kwa kugwira ndi kubaya. Ikagwira mofanana mutu wonse, ndi yanu. Ikamabaya pamalo amodzi, pachipumi kapena pamwamba pa makutu, ululu umenewo sudzatha. Udzingokula pamene tsiku likupita. Apa musathamangire saizi yaikulu, yesani ya kampani ina ya saizi yomweyo. Ngati mumavala magalasi a maso, yesani muli nawo.

Tsopano za mkati, zimene ambiri sitiziyang'ana. Munthu akagwa, chigaza chimaima mwadzidzidzi pa tara, koma ubongo, womwe ndi wofewa, umapitirira ndi liwiro lake mpaka kukadzimenyetsa mkati mwa chigazacho. N'chifukwa chake wina amadzuka pangozi alibe bala lililonse, nkuyenda yekha, koma madzulo akusanza, mawa sakuzindikira mkazi wake. Ntchito ya helemeti ndi kuchedwetsa kuima kumeneko. Chikamba cha kunja chimamwaza mphamvu ya kugundako ndi kutchinga miyala. Siponji yofewa ya mkati ndi yongoti mumve bwino. Chimene chimapulumutsa ubongo chili pakati pa ziwirizi: chinthu choyera, cholimba koma chopepuka, chamtundu wa chija amatchingira wailesi kapena firiji yatsopano m'katoni. Chimenecho chimaphwanyika m'malo mwa mutu wanu.

Kwezani siponji muchione. M'helemeti yeniyeni chimakhala chokhuthala pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ndipo mukachitsina ndi zala sichibonyoka msanga. Zambiri zotchipa zimene zimagulitsidwa m'misika yathu zilibe chinthu chimenechi, kapena chilimo chopyapyala ngati chikuto cha buku. Inyamuleninso m'manja. Yotseka nkhope yonse imalemera cha m'ma kilogalamu imodzi ndi theka, ngati paketi imodzi ndi theka ya shuga. Imene ikupepuka ngati mbale ya pulasitiki, imene mukaifinya m'mbali ikupindika, ndi chidole. Ndipo chonde, chipewa cha omanga nyumba chija, chachikasu kapena choyera, anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba. Munthu wogwa pa njinga chimamusiya asanafike pansi.

Zizindikiro nazo zimathandiza, mukadziwa poziyang'ana. Muyezo umene maiko ambiri amaudalira ndi wa bungwe la United Nations, wotchedwa ECE 22. Kachikwangwani kake amakasokerera pa lamba: chilembo E mkati mwa kamzere kozungulira, pambali pake nambala ya dziko limene linavomereza, monga 1 ya Germany, 3 ya Italy kapena 11 ya Britain. Nambala yaitali yotsatira imayamba ndi 05 kapena 06, ndipo 06 ndiyo muyezo watsopano. Mukaona chilembo P ndiye kuti mbali yotchinga chibwano inayesedwa. J ndi ya helemeti yotsegula nkhope. Za ku India zimakhala ndi chizindikiro cha ISI, za ku America cha DOT kumbuyo. Koma sitika ya DOT aliyense angathe kuisindikiza ndi kuimata, choncho musaikhulupirire payokha. Sitika ikanena zabwino koma zala zanu zikupeza chikamba chopanda kanthu mkati, mverani zala.

Nkhani ya helemeti inakula chifukwa cha anthu a ntchito ngati yanu. Mu 1935 msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anamwalira atavulala m'mutu pangozi ya njinga yamoto. Mmodzi mwa madokotala amene anamusamalira, Hugh Cairns, anayamba kufufuza za asilikali onyamula mauthenga pa njinga amene ankafa ndi mabala a m'mutu, ndipo mu 1941 gulu lankhondo la Britain linalamula kuti okwera njinga ake azivala helemeti. Kafukufuku wa zaka zambiri chiyambire wasonyeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndi cha kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Manambalawa akukuuzaninso kuti si mankhwala a liwiro. Poiyesa pa muyezo wa 22.05 amaigwetsa pa liwiro la makilomita 27 pa ola. Wothamanga 90 pamsewu wa M1 atanyamula anthu awiri asadalire chipewa.

Yotseka nkhope yonse kapena yotsegula? Ine ndimalangiza yotseka, ndipo sindibisa. Munthu akagwa chafufumimba, chimayamba kufika pansi ndi chibwano, mano ndi mphuno, ndipo yotsegula imasiya zonsezi pamtunda. Ndikudziwa chodandaula chanu. Kutentha kwa Okutobala ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga si kwamasewera, ndipo wakabaza amafunika kumva kasitomala akamati tikhotere apa. Ndiye funani yokhala ndi timabowo ta mpweya pachibwano ndi pamwamba, totseguka ndi kutsekeka, komanso siponji yochotseka kuti muzichapa. Mukaima pa siteji kudikira anthu, ivuleni mutu upume. Ngati mwalephereratu ndipo mwasankha yotsegula, ikhale yophimba makutu ndi nkhongo, osati kachigoba kongokhala pamwamba pa mutu.

Galasi lakutsogolo likhale loyera loonekera bwino. Lakuda limakongola masana, koma ntchito yanu imafika mpaka usiku, ndipo m'misewu yathu yambiri mulibe magetsi. Woyenda pansi, mbuzi ndi dzenje zonse zimabisala mumdima umodzi. Galasi lokalikakalika limamwaza kuwala kwa galimoto zobwera kutsogolo mpaka kukuchititsani khungu, choncho funsani musanagule ngati lina losinthira limapezeka. Nthawi ya chiperoni ku Thyolo ndi ku Blantyre, litsekuleni pang'ono kuti lisachite nthunzi. Posankha mtundu, tengani yoyera kapena yowala. Kafukufuku wa ku Auckland, New Zealand, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti ovala helemeti yoyera anali ndi chiopsezo cha kuvulala pangozi chochepa ndi 24 peresenti poyerekeza ndi ovala yakuda, chifukwa oyendetsa galimoto amawaona msanga.

Lamba ndiye amagwira zonse. Amangidwe pansi pa chibwano, kufupi ndi khosi, moti pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri. Yang'anani pamene walumikizidwa ndi chikamba: pakhale misomali yachitsulo yolimba. Chomangira cha mphete ziwiri zachitsulo chimachedwetsa pang'ono koma sichimasuka chokha. Chongotsekera mwamsanga nachonso ndi chabwino ngati muli chitsulo mkati mwake.

Kasitomala naye ali ndi mutu. Malamulo a pamsewu m'Malawi amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale, ndipo ku Kigali, m'dziko la Rwanda, wakabaza aliyense amayenda ndi helemeti ziwiri ngati chinthu chachizolowezi. Kuno amayi ambiri amakana, ena poteteza tsitsi lomwe angomangitsa, ena poopa thukuta la eni ndi zipere. Mantha amenewo ndi omveka. Chapani siponji ndi sopo wamba sabata iliyonse, muyanike pamthunzi, ndipo muwauze mwaulemu kuti angathe kuyamba amanga duku kapena mpango. Mukawapatsa yaukhondo, yosanunkha, ambiri amalandira. Petulo, parafini ndi penti musaziyandikize ku helemeti, chifukwa zimafooketsa pulasitiki ndi kusungunula choyera cha mkati chija.

Za kaunjika ndimakayika nazo kwambiri. Choyera chija chimagwira ntchito kamodzi kokha. Chikaphwanyika sichibwerera, ngakhale kunja kukuoneka kosalala, ndipo simungadziwe kuti mwini wake woyamba anagwa nayo kangati. Makampani ambiri amalangizanso kusintha helemeti pakatha zaka zisanu, poti dzuwa ndi thukuta zimaidya pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti yabwino ndi yodula kwa munthu amene tsiku lililonse amayamba wasaka ndalama ya abwana ndi ya mafuta asanaone yake. Ngati njinga ndi ya eni, kambiranani nawo kuti helemeti ziwiri zikhale mbali ya njingayo monga matayala, kapena azikudulani pang'onopang'ono. Anzanu a pa siteji amene mumachita nawo chipereganyu angagwirizane kuti mwezi uno agulire uyu, mwezi wamawa uyo. Inu a m'mabungwe ndi m'makampani, yesani mitu ya antchito anu musanaitanitse katoni ya saizi imodzi.

Tsiku limene mwagwa mutu nkugunda pansi, pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino, makamaka mukayamba kusanza, kuona chizungulire kapena kugona tulo tachilendo. Helemetiyo yatha ntchito. Dulani lamba wake ndi mpeni musanaitaye, kuti wina asaitole nkukaigulitsa pamsika.