Malangizo kwa Osoka a ku Bowe: Msoko Woongoka ndi wa Zigizagi

Pa makhonde a sitolo ku Bowe, makina ambiri ndi opalasa ndi mapazi, a Singer kapena Butterfly. Amenewa amasoka msoko umodzi wokha, woongoka, koma ndi womwe umagwira yunifolomu ya mwana wasukulu ndi bulauzi yoyera ya amayi a Chigwirizano.

Pa chitenje, wosoka aike singano ya nambala 14, msoko utalike mamilimita 2.5. Pa khaki ndi jinzi, ya 16. Poyamba ndi pomaliza abwerezepo kuti msoko usamasuke, makamaka m'khwapa ndi pathumba. Ulusi ukamapanga timfundo kunsi kwa nsalu, ambiri amathamangira kumasula bobini, chonsecho vuto limakhala ulusi wapamwamba womwe sunamangike bwino.

Ambiri amene ali ndi makina amagetsi ali ndi mwayi wa zigizagi. Imeneyi imateteza m'mphepete mwa nsalu kuti ulusi usayoyoke, imasoka maboo a mabatani, ndipo ikathithikana imakhala chokongoletsa pakhosi pa diresi.

Chokongoletsacho chimadya ulusi wambiri ndipo chimakwinyitsa nsalu yopyapyala. Wosoka ayale pepala kunsi, ayesere kaye pa kachigamba, akamaliza ang'ambe pepalalo pang'onopang'ono.