Madzi Oundana Amene Amanyamula Miyala

Inu mudaonapo matalala. Mukawatola m'manja, amasungunuka msanga. Koma pamwamba pa mapiri ena aatali pamazizira chaka chonse. Pamenepo pamagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa. Cha chaka chino chimagwera pamwamba pa cha chaka chatha. Chapansi chija chimapanikizika mpaka kulimba ngati mwala. Chikachuluka, chimayamba kutsetserekera kumunsi chifukwa cha kulemera. Mtsinje wa madzi oundana woterewu pa Chingerezi amati glacier.

Mtsinjewu umayenda pang'onopang'ono zedi. Ina siyenda ngakhale mita imodzi tsiku lathunthu. Nyerere yomwe imaupitirira! Koma musaupeputse. Ukamayenda umazula miyala ndi kuikoka pansi pake. Miyalayo imakanda thanthwe, ndipo ina imaperedwa mpaka kusanduka fumbi, monga mawere pamphero. Chigwa chimene mwadutsa madzi oundana chimakhala chotakata pansi ngati chilembo cha U. Chimene chakumbidwa ndi madzi wamba chimakhala chosongoka ngati V. Talembani zilembo ziwirizi pansi, muone kusiyana kwake.

Nanga miyala ija imathera kuti? Madzi oundanawo akafika kotentherapo amasungunuka, ndipo amatula katundu yense pomwepo. Mtsinje wa kwanu umasankha: miyala paokha, mchenga paokha. Madzi oundana sasankha ai. Chimwala chachikulu ngati nyumba, nsangalabwi ndi dothi, zonse zimagwera pamodzi. Zimasanduka chimzere chachitali, chonga mzere wa m'munda koma chachikulu ngati kaphiri. Dzina lake ndi moraine.

Apa ndiye pali ngozi. Chimzerechi chimatseka chigwa ngati damu, ndipo madzi amadzaza kuseri kwake. Koma ndi damu la miyala yongounjikana, lopanda simenti. M'dziko la Peru, pa 13 Disembala 1941, chimzere chotseka nyanja ya Palcacocha chidagumuka. Madzi, matope ndi miyala zidatsikira mumzinda wa Huaraz. Anthu osachepera 1,800 adafa.

Musaganize kuti izi n'zakunja kokha. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania n'lotalika mamita 5,895, ndipo pamwamba pake pali madzi oundana. Koma akutha, pakuti nyengo ikusintha. Kuchokera 1912 kufika 2007, adatha oposa magawo 8 mwa magawo 10. M'munsi mwake mwatsala mizere ya miyala yosonyeza pamene ankafika kale.

Chodabwitsa koposa chili ku South Africa. Pamalo otchedwa Nooitgedacht, pafupi ndi Kimberley, pali matanthwe okhala ndi mikwingwirima yaitali. Kumeneko masiku ano kumatentha m'chilimwe. Koma idakanda matanthwewo ndi miyala yokokedwa ndi madzi oundana, zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo.

Mukakumana pagulu, funsanani: kodi mulu wa miyala yosiyidwa ndi madzi oundana mungausiyanitse bwanji ndi wosiyidwa ndi mtsinje?