Phunziro: Nthabwala ndi Kasankhidwe ka Mawu m'Nkhani za P. G. Wodehouse

Cholinga

Pomaliza phunziroli mudzatha kufotokoza momwe nthabwala imabadwira m'kayankhulidwe ka ampangankhani, ndiponso kuzindikira zimene kuseka kwa ana kumauza mphunzitsi.

Za mlembi

Pelham Grenville Wodehouse anabadwira ku Guildford, m'dziko la England, mu 1881, ndipo anamwalirira ku America mu 1975. Atagwira ntchito kubanki zaka ziwiri, anaisiya nadzipereka pa kulemba. Analemba mabuku oposa 90. Nkhani zake zotchuka ndi za Bertie Wooster, mnyamata wachuma, wamtima wabwino koma woperewera nzeru, ndi Jeeves, wantchito wake womusamalira zovala ndi zosowa zina.

Gwero la kuseka

Taonani buku la The Code of the Woosters la mu 1938. Azakhali ake a Bertie, mayi Dahlia, akumutuma kukaba kachiwiya kasiliva kothiramo mkaka, kooneka ngati ng'ombe. Kanthuko n'kachabechabe, koma akuluakulu aulemu wawo akukalimbirana ngati mpando waufumu. Kumeneko Bertie akukumana ndi Roderick Spode, chimunthu choopsa chotsogolera gulu lovala makabudula akuda. Jeeves akumunong'oneza bwana wake dzina limodzi lokha, Eulalie. Bertie akulitchula osadziwa tanthauzo lake, ndipo Spode akuzizira ngati nkhuku yonyowa. Kumapeto timamva kuti mkulu woopsayo amapanga mobisa zovala zam'kati za amayi.

Komabe mphamvu ya nkhaniyi ili makamaka m'mawu. Wofotokoza nkhani ndi Bertie mwini. Iye amadziona ngati wochenjera, pamene wowerenga akuona poyera kuti akulowera m'dzenje. Jeeves sakweza mawu ndipo satsutsa bwana wake mwachindunji. Amayankhula mwaulemu wosefukira, ndi mawu aatali a anthu ophunzira, koma zofuna zake n'zimene zimachitika. M'bukuli Bertie akukana ulendo wa pa sitima wozungulira dziko lapansi umene Jeeves akuulakalaka, koma pomaliza akuvomera. Timaseka chifukwa tikumva zinthu ziwiri nthawi imodzi: zimene mawu akunena, ndi zimene zikuchitikadi.

Tanthauzo lake m'kalasi

Mwana sangaseke nthabwala yotere ngati sanamve mbali zonse ziwiri. M'makalasi oyambirira, mwana angathe kubwereza chiganizo cha Chipwitikizi molondola, nkhope ili gwa, osadziwa kuti muli choseketsa. M'Chinyanja khutu lake ndi lakuthwa kale. Amasiyanitsa "inu" waulemu ndi "inu" wachipongwe. Amadziwa kuti Kalulu akamati "agogo" kwa Njovu, m'mtima muli zina. Luso limeneli amachokera nalo kunyumba, ndipo ndilo maziko a kuwerenga mozindikira. Mukalikulitsa m'chiyankhulo chimene anayamwira, adzalisamutsira yekha ku Chipwitikizi.

Choncho pokamba kapena powerenga nthano, yang'anani nkhope za ana. Akaseka pamalo poyenera, amva. Akakhala chete, musathamangire kufotokoza nthabwalayo, chifukwa nthabwala yofotokozedwa imasukuluka. Werenganinso mosintha mawu, kenako funsani: "Kodi iyeyu akuganiza chiyani? Nanga ife tikudziwa chiyani chimene iye sakudziwa?"

Chenjezo

Kuseka kukhale pa ampangankhani, osati pa mwana. Wophunzira amene anzake amuseka chifukwa chotchula molakwa mawu a Chipwitikizi angathe kutseka pakamwa chaka chathunthu. Onani kuti Wodehouse amatiseketsa ndi Bertie popanda kutichititsa kumuda. Mzimu womwewo ulamulire kalasi yanu.

Ntchito

1. Awiriawiri, lembani kukambirana kwa mizere khumi pakati pa mwini nyumba amene wagula chipewa chonyansa ndi wantchito wake amene akufuna kuti chitayidwe. Wantchitoyo asanene paliponse kuti chipewacho n'choipa.

2. Lembani mzere kunsi kwa mawu onse aulemu amene mwagwiritsa ntchito. Kodi chingatayike n'chiyani mukawamasulira m'Chipwitikizi?

3. Sankhani nthano imodzi ya kwanu, ndipo musonyeze malo awiri amene omvera amadziwa zambiri kuposa mpangankhani. Konzani funso limodzi pa malo aliwonse loti mukafunse ana.